Nsomba Yasowa M'thanki ya Makorali: Yabisala, Yalumpha Kapena Yadyedwa?

Woweta nsomba za m'nyanja yamchere amawerenga ziweto zake pa nthawi ya chakudya. Mwathira chakudya, zonse zathamangira pamwamba, mukuwerenga, imodzi palibe. Thanki ili ndi magalasi mbali zonse, ilibe khomo, koma nsomba imene munaigula modula yangoti zii. Mafunso awa ndi amene amabwera tsiku limenelo ndi masiku otsatira.

Nsomba yanga sindinaione kuyambira m'mawa. Yafa?

Mwina ayi. Thanki ya makorali imadzaza ndi miyala yobowokabowoka, ndipo zimene mumaona pagalasi lakutsogolo ndi kagawo chabe ka malo amene nsomba ingalowe. Yatsopano, yothamangitsidwa ndi inzake, kapena yodzidzimuka ndi kumenyetsa kwa chitseko imalowa kuphanga n'kukhala phee. Musalowetse dzanja m'madzi. Yambani mwafufuza kunja kwa thanki.

Kunja? Ingatuluke bwanji?

Imalumpha. Muyambire pamenepa chifukwa yobisala m'miyala ikhoza kukudikirani mlungu wathunthu, pamene yogwa pansi yatsala ndi mphindi zowerengeka. Tengani tochi, gwadani, unikani kumbuyo kwa thanki, pakati pa mawaya, kunsi kwa kabati, kuseri kwa katani. Nsomba ikagwa imaphiriphitha mpaka kukafika kutali ndi pomwe inagwera. Imene yagonera pansi mumaipeza itauma gwa ngati usipa wa pamsika, fumbi lili mbuu thupi lonse, moti mukhoza kuidutsa kawiri osaizindikira. Ngati pakhomo pali mphaka kapena galu, umboni ukhoza kukhala utapita kale m'mimba.

Akatswiri olumpha ndi odziwika: firefish, imene asayansi amati Nemateleotris magnifica, ma wrasse a mtundu wa Cirrhilabrus, jawfish, ndi mkunga wa moray, umene sulumpha n'komwe koma umangokwawa n'kutulukira pa kabowo kalikonse kamene mutu wake ungakwane.

Mukaipeza ikadali yonyowa musafulumire kuitaya, ngakhale ikuoneka yakufa. Iikeni m'madzi a m'thanki momwemo, muigwirizire pamene madzi akuyenda kuti adutse kukamwa ndi mopumira mwake. Zina zimatsitsimuka.

Pansi palibe. Ndiyang'ane kuti tsopano?

Tsatirani madzi. Matanki ambiri a makorali ali ndi kabokosi pakona kapena kumbuyo, overflow, momwe madzi apamwamba amagwera n'kutsika ndi paipi kupita ku thanki yaing'ono ya m'kabati, sump. Nsomba yaing'ono imadutsa pa mano a kabokosiko kapena kulumphiramo. Unikani m'kabokosimo kuchokera pamwamba. Kenako tsegulani kabati, vundukulani kathumba kosefera madzi, yang'anani chipinda chilichonse cha sump. Muli mdima ndi phokoso, koma nsomba ikhoza kukhalamo milungu ingapo ikudya nyenyeswa zotsika ndi madzi, inu mutailira kale maliro.

Onaninso mapampu oyendetsa mafunde. Mukaipeza itamatirira pa pampu, musathamangire kuweruza pampuyo. Nsomba yamphamvu imadzichotsapo yokha. Imene imakakamira pamenepo kawirikawiri imakhala itafooka kale kapena itafera kwina, madzi n'kuikokera pamenepo.

Ndagula wrasse, ndangoiika m'madzi yasoweratu. Andigulitsa yodwala?

Ayi, ili mumchenga. Ma wrasse a mitundu ya Halichoeres, Macropharyngodon, Anampses ndi Coris amagona atadzikwirira, ndipo akachita mantha amathawira momwemo. Imadumphira mumchenga chamutu, kamchenga n'kuti fuu, basi, pamwamba posalala ngati sipanachitike kanthu. Yatsopano ikhoza kukhala masiku atatu, mlungu, nthawi zina kuyandikira milungu iwiri osaoneka.

Chinanso, nsomba yongofika kumene kuchokera ku Indonesia kapena ku Philippines imasungabe nthawi yakwawo. Ikhoza kumatuluka inu muli mtulo, kudya tizilombo ta m'miyala, n'kubwerera mumchenga inu musanadzuke. Pang'onopang'ono imazolowera nyali zanu. Mukadzuka mbandakucha n'kusuzumira, mwina muipeza ikuyendayenda.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musafukule mchenga. Ndikudziwa kuti zala zimayabwa. Koma mukaifukula mwaionjezera mantha, ikadzikwiriranso kwina n'kukhalitsa kuposa poyamba, osadya, ndipo zina zimafa ndi kuvutitsidwa kumeneku. Chomwe imafuna kwa inu ndi mchenga wosalala, wosakhala ndi zigoba zakuthwa, wokuya masentimita asanu kapena kuposerapo.

Zilipo zina zobisala chonchi?

Zambiri. Goby wa mtundu wa Cryptocentrus kapena Amblyeleotris amakhala una umodzi ndi pistol shrimp. Shrimp ndiye amakumba, goby amalondera pakhomo, ndipo madzulo khomo limatsekedwa. Awiriwa akasamutsira khomo kumbuyo kwa miyala, kwa inu asowa. Jawfish nayo imatseka dzenje lake ndi kamwala kapena kachigoba. Ma wrasse a Cirrhilabrus amalowa mumng'alu n'kudzikuta ndi mamina awoawo pogona. Blue tang, nsomba yabuluu imene ana amaitcha Dory, imadzipanikiza pakati pa miyala chogonera m'mbali, moti woiona koyamba amaganiza kuti yafa.

Ndidikire masiku angati ndisanataye mtima?

Zimadalira khalidwe la nsombayo. Clownfish, tang kapena damsel imene yakhazikika, imene sinaphonyepo chakudya, ikasowa masiku awiri kapena atatu ndiye kuti zavuta. Wrasse yatsopano ipatseni milungu iwiri. Goby wa kuuna musamulembe m'gulu la akufa msanga. Amangotulukira balamanthu patapita mwezi, ali wonenepa kuposa kale.

Ngati yafa, nanga mtembo uli kuti?

Wadyedwa, ndipo anaudya ndi antchito amene munawagula nokha. Nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono, nkhono za Nassarius zimene zimabisala mumchenga n'kungotulutsa kachitamba konunkhizira, ma shrimp, nyenyezi za m'nyanja za miyendo yopyapyala, nyongolotsi zaminga zotchedwa bristle worm, ndi tizilombo tina tosawerengeka ta m'miyala: zonsezi ntchito yake ndi imeneyi. Fungo likangomveka m'madzi, mchenga umayamba kugwedezeka, nkhono n'kumatumphuka uku ndi uku. Madzi ake ndi ofunda, pafupifupi madigiri 25, choncho mabakiteriya nawo sachedwa. Nsomba yotalika ngati chala imatha usiku umodzi, psiti. Timinga totsala timagwera kunsi kwa miyala n'kusakanikirana ndi mchenga.

Ndinkaweta mbuna za ku Nyanja ya Malawi, koma sizinkasowa chonchi. Kusiyana kuli pati?

Mbuna nazo zimabisala m'miyala, makamaka yaikazi ikafungatira mazira m'kamwa, pomwe imasiya kudya kwa milungu pafupifupi itatu. Koma thanki ya mbuna ilibe khamu la odya mitembo limene lili m'thanki ya makorali. Mbuna ikafa mumaipeza, ngakhale zinzake zitaijompha. M'madzi amchere mtembo umachotsedwa inu musanadzuke, ndiye imfa wamba imaoneka ngati matsenga.

Ndinapeza nkhanu ndi nyongolotsi zili pa nsomba yanga. Si zimenezi zinaipha?

Kupezeka pa mtembo si kupha. Bristle worm wamba alibe mphamvu yogwira nsomba yamoyo, ndipo nkhanu ya m'chigoba, ndi kuyenda kwake kokhwekhwereza nyumba kumbuyo, singapitikitse chinthu chosambira. Zimabwera zonse zitatha, kapena nsomba ili gone pansi ikutsirizika. Anthu ambiri amapsa mtima n'kuyamba kuzula nyongolotsi zonse m'thanki. Akatero achotsa otsuka madzi, chimene chinapha nsomba chikadali momwemo.

Ndiye kuti m'thanki mulibiretu chilombo chogwira nsomba?

Zilipo, kungoti si zambiri monga mmene anthu amaziopera. Zina zimabwera mobisala m'miyala yochokera kunyanja, mwini wake osadziwa. Zina timagula tokha.

Nkhanu za banja la Xanthidae, zathupi lojintcha, zina zaubweya, zopanira zake zakuda kunsonga, zimakula mobisa ndipo zimatha kugwira nsomba yogona m'phanga. Nyenyezi ya m'nyanja yobiriwira ya miyendo italiitali, Ophiarachna incrassata, imagulitsidwa ngati yotsuka thanki, koma ikakula imadzikweza pa miyendo yake n'kupanga kamphanga. Nsomba yofuna pogona ikalowa kunsi, imaipotera. Anemone yotambalala pamchenga, makamaka Stichodactyla haddoni, imamata kwambiri ndipo imameza nsomba yoigunda mumdima. Chizindikiro chake n'chakuti patapita tsiku kapena awiri imalavula kampira ka mamina kokhala ndi minga. Ndiye pali zodya zinzake poyera: lionfish, grouper, frogfish, ngakhalenso hawkfish yaikulu. Lamulo lawo ndi limodzi, chokwana m'kamwa ndi ndiwo.

Choopedwa koposa ndi nyongolotsi ya mtundu wa Eunice, imene oweta amaitcha bobbit worm. Imakhala m'kati mwa mwala kapena mumchenga, imatuluka usiku, ili ndi tinyanga tisanu pamutu ndi nsagwada zolimba. Mu 2009 ogwira ntchito ku Blue Reef Aquarium m'tauni ya Newquay ku England anazunguzika kwa nthawi yaitali ndi chinthu chimene chinkadula makorali ndi kuvulaza nsomba. Ataphwasula thanki mwala ndi mwala anapeza nyongolotsi yoposa mita imodzi, naipatsa dzina loti Barry. Nkhaniyi ndi yoona, koma yasokoneza mitu ya oweta ambiri. Nsomba imodzi ikasowa amayamba aganiza za Barry asanagwade n'komwe kuyang'ana kumbuyo kwa kabati.

Usiku ndimamva kulira kwa "kha! kha!" m'thanki. Ndi mantis shrimp?

Ikhoza kukhala iyo, koma kawirikawiri amakhala pistol shrimp, amene amawombetsa chopanira chake chachikulu ndipo savuta nsomba. Iye amalira kamodzi kapena kawiri n'kupuma. Mantis shrimp imamveka ngati wina akukhoma, motsatizana, chifukwa ikuswa chigoba. Yang'anani pansi. Mukaona mulu wa zigoba za nkhono zoswekasweka pakhomo pa kadzenje ka m'mwala, ndipo nkhono ndi nkhanu zanu zikuchepa, muli nayo.

Komabe mantis zili pawiri. Zokhoma, zomwe ndi zimene zimabwera m'miyala, chakudya chawo chenicheni ndi nkhono ndi nkhanu, ngakhale kansomba kakang'ono kogona pafupi sizingakasiye. Zobaya, zomwe ndi alenje enieni a nsomba, zimakhala m'mauna a mumchenga kunyanja ndipo sizifika m'nyumba mwangozi kawirikawiri.

Ndingachione bwanji chilombo ngati chilipo?

Usiku, ndi kuwala kofiira. Zamoyo zambiri za m'miyala siziona bwino kufiira, choncho tochi yokutidwa ndi pulasitiki yofiira siizithawitsa. Dikirani maola awiri kapena atatu nyali za thanki zitazima, zimitsaninso za m'chipinda, khalani pansi osagwedezeka. Kanyama kakang'ono ka nsomba kapena ka shrimp kamathandiza kuziitana. Nkhanu imagwidwa ndi tambula yagalasi yotsamiritsa pa mwala, nyambo ili m'kati: imatsetserekeramo koma pagalasi singakwere. Ngati tulo takukanikani kupirira, imikani foni pagalasi izijambula.

Mukadziwa mwala umene chikukhalamo, tulutsani mwala umenewo wokha, muuike m'ndowa.

Bwanji ndingophwasula miyala yonse ndione?

Musatero, pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Mukaphwasula mumathyola makorali amene atenga zaka kukula, mumavundula zonyansa zogona kunsi, mumasokoneza malire amene nsomba zinagawana, ndipo mwala ukhoza kuphwanya yomweyo mukuifunayo. Nthawi zambiri simupezanso kanthu.

Chifukwa chachikulu n'chimodzi: nsomba yaikulu m'thanki yaing'ono. Tang yonga chikhatho ikafera m'malita 100, otsuka aja sangaimalize isanawole, ndipo madzi aonongeka. Kagoby m'malita 400 musadandaule nako, thanki imeza yokha.

Mukakakamizika kugwira miyala, valani magolovesi. Minga ya bristle worm imathyokera m'zala n'kumayabwa. Choopsa kwenikweni ndi poizoni wotchedwa palytoxin, wopezeka m'makorali ena ofewa, makamaka a mtundu wa Palythoa. Amalowa pa bala, m'maso, ngakhale popuma. Mu 2018 ku Oxfordshire ku England, anthu a banja limodzi anathamangira nawo kuchipatala mwini thanki atatsuka miyala ya makorali kunja kwa madzi m'nyumba mwawo. Mwala wa m'thanki musauthire madzi otentha, musauwiritse, musaukweche wouma.

Nanga ndidziwa bwanji kuti muli chowola?

Madzi adzakuuzani. Yesani amoniya tsiku lililonse kwa masiku angapo. M'thanki yokhazikika sayenera kupezeka n'komwe. Onani skimmer, chida chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu: ikayamba kufufuma thovu losazolowereka kapena kudzaza kapu msanga, muli kanthu. Madzi a mbuu, fungo, makorali ofota, nsomba zopuma mwabefu, zonsezi ndi zizindikiro. Zikaoneka sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, atsopanowo akhale ofanana ndi akale pa mchere, pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndi pa kutentha. Ikaninso makala osefera atsopano.

Ngati yosowayo ndi boxfish, musadikire zizindikiro. Nsomba imeneyi ikavutika kapena kufa imatulutsa poizoni wotha kupha zinzake zonse.

Ngati sichilombo, chinaipha n'chiyani?

Funso lofunika ndi limeneli, ndipo yankho lake lili m'masiku a m'mbuyo, osati kunsi kwa miyala. Kumbukirani mmene nsombayo inalili mlungu watha.

Kodi inkadya, kapena inkangotola n'kulavula? Mandarin, Synchiropus splendidus, imadya tizilombo ta copepod tsiku lonse, ndipo m'thanki yatsopano kapena yaing'ono imawonda pang'onopang'ono, mimba n'kulowa m'kati, mpaka tsiku lina osaonekanso. Kodi inkakhala pakona yapamwamba, kuseri kwa pampu, zipsepse zong'ambika? Imeneyo inkamenyedwa, ndipo omenya amakhala damsel, dottyback kapena clownfish yaikazi, amene mukamayang'ana amaoneka aulemu. Kodi inali ndi timadontho toyera ngati mchere? Ndi Cryptocaryon irritans. Kodi inkapuma mofulumira, kuthawa kuwala, kusambira molunjika kumene pampu ikukankha madzi? Ameneyo ndi Amyloodinium ocellatum, amene oweta amati velvet. Amapha m'masiku ochepa, nthawi zina thupi lisanaonetse kanthu, ndipo chifukwa nsomba yodwala imathawira kumdima, imakafera kosaoneka. Clownfish yotuluka mamina oyera ngati ikusupuka khungu imakhala ndi Brooklynella.

Palinso nsomba zimene zimafika zitavulala kale m'kati. M'madera ena a Philippines ndi Indonesia asodzi ena amazigwira pothira cyanide m'makorali, ngakhale malamulo amaletsa. Yotere imaoneka yowala bwino m'sitolo, imatha kudya, kenako n'kufa popanda chifukwa chooneka. N'chifukwa chake ine ndimakonda zobadwira m'matanki ngati zilipo, monga clownfish zambiri za masiku ano.

Magetsi anazima usiku wonse. Zingakhudzane?

Kwambiri. Aliyense woweta ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg adziwe kuti mdani wake wamkulu si nkhanu. Mapampu akaima, mpweya wa okosijeni umayamba kuchepa, ndipo madzi amchere ofunda sasunga wambiri. Usiku zimanyanya chifukwa makorali ndi ndere nazo zimakhala zikupuma mpweya womwewo. Zimayamba kufa ndi nsomba zikuluzikulu ndi zothamanga. Magetsi akazima kapena kuyaka mwadzidzidzi nsomba zimadzidzimukanso n'kulumpha. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotchipa poyerekeza ndi nsomba zimene mungataye.

Tsopano zikusowa imodziimodzi. Ndiganize chiyani?

Onani zimene zikusowazo. Ngati ndi zing'onozing'ono zokhazokha, zogona pansi kapena m'mapanga, zonse zinali bwinobwino dzulo lake, ndipo pakati pake pamadutsa milungu, yambani ulonda wa tochi yofiira. Ngati zikusowa zamitundu yonse, zazikulu ndi zazing'ono, motsatizana m'masiku ochepa, makamaka mutangobweretsa nsomba yatsopano, ndi matenda. Pamenepo musataye nthawi ndi misampha. Tulutsani zotsalazo mukazipatse mankhwala m'thanki ina, chifukwa mankhwala okhala ndi kopa amapha makorali, nkhono ndi ma shrimp.

Ana akuti yapita kunyanja kudzera m'paipi. Ndiwauze chiyani?

Anaonera Finding Nemo, filimu ya 2003. Atsegulireni kabati aone kuti paipi yanu imathera mu sump. Akhoza kukuthandizani kuunika, ndipo maso awo ndi akuthwa kuposa anu.

Ndigule ina liti?

Osati mlungu uno. Ngati simukudziwa chimene chinachitika, dikirani milungu itatu kapena inayi mukuyang'anitsitsa zotsalazo. Kumbukiraninso kuti yosowayo ikhoza kutulukira n'kupeza mlendo wa mtundu wake m'dera lake, ndewu n'kubuka. Ngati anali matenda a timadontho toyera, thanki iyenera kukhala yopanda nsomba iliyonse kuti tizilomboto tife ndi njala, ndipo oweta ambiri amawerenga masiku 76. Yatsopano iyambe yakhala payokha m'kathanki kena kwa mwezi, muione ikudya ndi kupuma bwino, isanalowe kwa zinzake.

Chivundikiro n'chofunikadi? Thanki yotsegula imaoneka bwino.

Imaonekadi bwino, koma ngati muli ndi wrasse, firefish, goby kapena jawfish, vundikirani. Galasi limasunga kutentha, limachita nthunzi ndi mchere n'kutchinga kuwala kumene makorali amafuna, choncho chabwino ndi neti yoonekera ya pulasitiki yomangidwa pa felemu, ya maso osapitirira mamilimita 6. Ya maso aakulu firefish imadutsa. Tsekaninso pamwamba pa overflow, ndipo mipata yodutsa mawaya ndi mapaipi muitseke ndi siponji, chifukwa nsomba yothawa imatsata galasi mpaka pakona, pomwe pamakhala mipatayo. Podyetsa tsegulani mbali imodzi yokha, ndipo musachoke musanabwezere.